Mbiri ya malemu imene timawerenga theka lokha

Mwezi wathawu ndinali pamaliro a mayi wina amene anaphunzitsa nyimbo kwa zaka zambiri, kusukulu ndi kutchalitchi komwe. Dzina lawo ndilisunga, poti banja lidakali m'misozi. Itakwana nthawi ya mbiri ya malemu, mlongo wawo anaimirira ndi kapepala kothothola mu kope n'kuyamba monga tiyambira tonse: anabadwa chaka chakuti, anabatizidwa kwakuti, analowa m'banja ndi bambo uje, Mulungu anawadalitsa ndi ana akuti, asiya zidzukulu zakuti. Anadwala nthawi yochepa. Basi, kapepala kanapindidwa. Za ntchito yawo panali mawu atatu okha: "anagwirako ntchito yauphunzitsi."

Chonsecho kuseri kwa tenti kunali chikhamu cha anthu amene sanali achibale. Ena anali a imvi, ena achinyamata, ena atafika m'mawa womwewo pa basi yausiku, maso ali psuu ndi tulo. Bokosi litanyamulidwa, bambo wina wachikulire anakweza chala, n'kung'ung'udza kamawu kamodzi kukhosi kuti apereke kiyi, ndipo gulu lonselo linalowa nyimbo m'mawu anayi, popanda pepala, popanda amene anaphonya polowera. Anthu amenewo anali asanaimbepo limodzi. Chimene chinawalumikiza n'chakuti onse, pa nthawi zosiyanasiyana, anakhalapo pa benchi pamaso pa mayi amene anagona m'bokosimo.

Mayi amene ndinakhala naye pafupi anakonza chitenje chake n'kundinong'oneza kuti, "Anali munthu wabwino, komatu anali woyendayenda. Pakhomo sankakhazikika." Sanalankhule mwankhanza ayi. Ananena monga munthu atchulira chilema cha m'bale wake chimene anachikhululukira kalekale. Ankanena za maulendo a kwaya, misonkhano ya aphunzitsi, ndi nthawi zimene malemuwo ankadutsa malire a dziko kukaphunzitsa kapena kukaphunzira.

Mawu amenewo andikhala pamtima mpaka lero. Ndikuona kuti mayi uja analakwitsa, ndipo kapepala kaja kanalakwitsanso, ngakhale onse anali ndi mtima wabwino. Kuti ndifotokoze bwino, ndikutengerani kutali, ku Germany, kwa mayi amene moyo wake unalembedwa m'makalata ndi m'mabuku a tsiku ndi tsiku moti palibe chobisika. Kumeneko tingathe kuyang'ana nkhaniyi popanda kuloza chala pakhomo pa mnansi.

Clara Wieck anabadwira ku Leipzig pa 13 September 1819. Mayi ake, Marianne Tromlitz, anali woimba ndi mawu komanso piyano. Bambo ake, Friedrich Wieck, anali mphunzitsi wa piyano wouma mtima, amene anatsimikiza mwanayo adakali wakhanda kuti adzakhala katswiri. Banja la makolowo linatha Clara ali ndi zaka zisanu, ndipo malamulo a nthawiyo anapereka mwanayo kwa bambo. Tsiku lililonse linali ndi ndondomeko yake: ola limodzi la phunziro, maola awiri obwereza yekha, kenako kuyenda mtunda wautali wapansi kuti thupi lilimbe. Bambowo anafika pomulembera buku lake la tsiku ndi tsiku, akumalemba ngati ndi Clara amene akulankhula. Ali ndi zaka 9 anaimba koyamba mu holo yotchuka ya Gewandhaus. Ali ndi zaka 12 anali kale pamsewu wopita ku Paris, ndipo podutsa ku Weimar anaimbira mlembi wotchuka Goethe. Pofika zaka 18, mzinda wa Vienna unali utamugwadira, ndipo nyumba yachifumu ya Austria inamupatsa ulemu waukulu umene unkapatsidwa kwa oimba.

Mfundo yofunika apa ndi yakuti mtsikanayu asanakhale mkazi wa munthu, asanakhale mayi wa munthu, anali kale ndi luso, dzina ndi njira yopezera ndalama. Mnyamata amene anadzamukwatira, Robert Schumann, anali wophunzira wa bambo ake, wamkulu kwa iye ndi zaka 9, ndipo pa nthawiyo wodziwika kwambiri anali Clara. Bambo Wieck anakana ukwatiwo kwamtuwagalu, moti awiriwo anakasuma kukhoti n'kupambana. Anakwatirana pa 12 September 1840, kutatsala tsiku limodzi kuti Clara akwanitse zaka 21.

Chikondi chinalipo, chenicheni. Koma nyumba yawo yoyamba inali ya makoma opyapyala, ndipo Robert akamapeka nyimbo ankafuna bata. Ndiye kuti woimba piyano wodziwika mu Europe monse ankakhala masiku osakhudza piyano yake kuti asasokoneze mwamuna wake. Zimenezi anazilemba yekha m'buku limene awiriwo ankalemba mosinthana. Mu 1842 anapita ku Copenhagen popanda Robert, kusiya mwana wawo woyamba, Marie, asanakwanitse chaka, ndipo anakhalako milungu ingapo. Mu 1844 anapita limodzi ku Russia, mpaka ku St Petersburg ndi Moscow, m'nyengo ya chisanu choopsa, pa ngolo zokokedwa ndi akavalo, ana awiri atawasiya kwa achibale. Ndalama zimene ankabwera nazo kuchokera ku maulendo otere zinkachirikiza banja limene linkakula chaka ndi chaka. Pakati pa 1841 ndi 1854 anabereka ana 8.

Amene akufuna kudziwa ngati mayi woyendayendayu ankakonda ana ake ayang'ane zimene zinachitika mu May 1849. Banjali linkakhala ku Dresden pamene mumzindamo munabuka zipolowe zoukira mfumu. Misewu inatsekedwa ndi miyala ndi mitengo, mfuti zinkalira usana ndi usiku, ndipo oukirawo ankayenda khomo ndi khomo kutenga amuna kuti akamenye nawo nkhondo. Robert, amene thanzi lake la m'maganizo linali lofooka kale, sakanapirira zimenezo. Clara anamutulutsira kukhomo la kuseri, n'kuthawa naye pamodzi ndi Marie kupita ku mudzi wa Maxen, kunja kwa mzinda. Ana atatu aang'ono, Elise, Julie ndi Ludwig, anatsala m'nyumba ndi wantchito. Patapita masiku awiri, m'bandakucha, Clara ananyamuka kubwerera mumzinda. Anali ndi pakati pa miyezi 7. Mbali ina ya ulendowo anayenda pansi, kudutsa m'minda, mizinga ikugunda, ndipo panjira anakumana ndi gulu la amuna onyamula zikwakwa. Sanabwerere. Anafika kunyumba, anadzutsa anawo, anawaveka, anamanga timitolo n'kuwatulutsa. Mwana amene anali m'mimba tsiku limenelo, Ferdinand, anabadwa mu July.

Miyendo imene inamutengera ku Copenhagen ndi ku Moscow ndi yomweyo imene inadutsa pakati pa mfuti ku Dresden. Munthu wozolowera kumanga katundu usiku, kukambirana ndi oyendetsa ngolo, kulowa m'mizinda yachilendo popanda womugwira dzanja, ndi amene anali ndi mtima wochita zimenezo. Sindikuona pamene tingadule mayiyu pakati n'kunena kuti mbali iyi ndi ya umayi, tiitamande, mbali iyo ndi ya kuyendayenda, tiikhululukire.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pa 27 February 1854, banjali likukhala ku Düsseldorf, Robert anatuluka m'nyumba n'kukadziponya mu mtsinje wa Rhine. Anthu a m'mabwato anamuvuula, ndipo patapita masiku ochepa anamutengera ku chipatala cha odwala m'maganizo ku Endenich, pafupi ndi Bonn. Clara anali woyembekezera mwana wawo womaliza, Felix, amene anabadwa mu June ndipo sanawaonepo bambo ake. Madokotala analetsa Clara kukaona mwamuna wake kwa zaka zoposa ziwiri. Anamuona kutatsala masiku awiri kuti amwalire, atawonda, akulephera kulankhula bwino, ndipo anamumwetsa timadontho ta vinyo ndi chala chake. Robert anamwalira pa 29 July 1856. Clara anali ndi zaka 36 ndi ana amoyo 7, poti mmodzi, Emil, anali atamwalira ali wakhanda mu 1847.

Chipatalacho chinali cholipira. Ana ankafuna chakudya, nsapato ndi fizi. Anzake oimba anafuna kukonza konsati yomusonkhera ndalama, iye anakana, n'kusankha kukagwira yekha ntchito imene ankaidziwa. Patangopita miyezi yochepa Felix atabadwa, anabwerera pamsewu. Ulendo wake woyamba wa ku England unali mu April 1856, Robert adakali moyo kuchipatala, ndipo pofika 1888 anali atawoloka nyanja kupita kumeneko maulendo pafupifupi 20. Ku Zwickau, kwawo kwa Robert, amasunga mapepala a ndondomeko za makonsati ake oposa 1,300. Ambiri mwa mapepala amenewo akuimira usiku umene mayiyu anagona kutali ndi bedi lake, m'chipinda cha alendo, zala zitatopa, mawa lake sitima ikudikira. Pakati pa 1873 ndi 1875 mkono unamupweteka mpaka anasiya kuimba pagulu kwa nthawi yoposa chaka. Utachira anayambiranso.

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife. Timawadziwa amayi amene amakwera basi kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge kukafika ku Johannesburg, mapazi atatupa, kukaoda katundu. Timawadziwa amene amadutsa pa Songwe kupita ku Mbeya ndi Dar es Salaam. Timawadziwa anamwino ndi osamalira okalamba ku Britain amene amalera ana awo pa WhatsApp, kufunsa za homuweki pakati pausiku atangoweruka. Agogo athu aamuna atapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela ndi Theba, mudzi sunawatche abambo oipa. Unkati apita kukasaka, ndipo mlandu unkabwera pokhapokha munthu akatchona, osatumiza kanthu, osalemba kalata. Muyeso unali wakuti kodi akukumbukira kwawo. Ndikupempha kuti mayi ayesedwe ndi muyeso womwewo. Mwamuna akayenda timati akusamala banja, mkazi akayenda timati wathawa banja, chonsecho ndalama ya fizi imene yatuluka m'chikwama cha onse awiri ndi yofanana.

Wina anena kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo sindimutsutsa msanga, chifukwa m'nyumba ya Clara mvula inalowadi. Robert atapita kuchipatala ndiponso atamwalira, anawo anabalalika. Ena anapita ku sukulu zogonera komweko, Julie anakakhala ndi agogo ake ku Berlin, aang'ono anatsala m'manja mwa antchito. Mnzawo wa banjali, wopeka nyimbo Johannes Brahms, amene anafika pakhomopo mu 1853 ali mnyamata wa zaka 20, anathandiza kwa kanthawi kuyang'anira ana ndi kulemba za ndalama za pakhomo. Panali zaka zimene abale a mimba imodzi sankaonana kwa miyezi yambiri. Mayi awo ankawalera ndi makalata: kulangiza, kudzudzula, kufunsa za maphunziro. Kalata siipukuta misozi ya mwana amene walota zoopsa usiku. Eugenie, mwana wamkazi womaliza, amene atakalamba analemba zokumbukira ubwana wake, anakulira kwambiri m'sukulu zogonera komweko, akulakalaka mayi ake.

Ndipo pali nkhani ya Ludwig, imene imandiwawa kuposa zonse. Mnyamatayu anadwala m'maganizo, ndipo mu 1870 anamuika m'chipatala, n'kukathera ku Colditz kumene anakhala mpaka imfa yake mu 1899. Mayi ake anakamuona maulendo owerengeka chabe. Mwina mtima umene unapirira za Endenich sunathe kupirira kachiwiri. Mwina pali zifukwa zina. Koma mwanayo anakhala zaka pafupifupi 30 kuseri kwa khoma, ndipo zimenezo sitingazikwirire ndi nkhata zamaluwa. Julie anamwalira mu 1872 ali ndi zaka 27. Felix anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1879 ali ndi zaka 24. Ferdinand, uja anadutsa pakati pa mfuti ali m'mimba, anagwidwa ndi chizolowezi cha mankhwala opha ululu a morphine, n'kumwalira mu 1891, ndipo udindo wa ana ake unagwera agogo awo amene anali atapitirira zaka 70.

Tsono funso langa kwa wonena za mapanga awiri ndi ili: phanga limodzi lija, limene mayiyu akanakhalamo osavumbwa, linali kuti? Akanakhala pakhomo mu 1856, ndani akanalipira sukulu za ana 7? Akanadalira zopereka za anzake, zikanatha chaka chachiwiri, monga chimathera chipepeso. Mayi wamasiye amene ali ndi luso limodzi logulitsika sasankha pakati pa kukhala ndi ana ndi kuwasiya. Amasankha pakati pa kuwasiya kwa kanthawi ndi kuwaona akuvutika ali nawo pafupi. Zonse ziwiri zili ndi mtengo wake, ndipo amene amalipira ndi mayi ndi ana omwe. Mu 1862 Clara anagula kanyumba ku Lichtental, pafupi ndi Baden-Baden, kuti nyengo yotentha iliyonse ana ake azisonkhana pamodzi pansi pa denga limodzi. Ndalama za nyumbayo zinachokera m'misewu yomweyo imene inkamulekanitsa nawo.

Sindikufunanso kunama kuti ankayenda chifukwa cha njala yokha. Ankaikonda ntchito yake, ndipo m'makalata ake sankabisa kuti kuimba kunali ngati mpweya umene ankapuma. Apa ndi pamene ambiri timakhumudwira. Mayi woyenda chifukwa cha umphawi timamumvera chisoni, koma woyenda chifukwa mtima wake ukukondwera ndi ntchitoyo timamukayikira, ngati kuti chimwemwe chakecho wachiba m'mbale ya ana. Ine ndikuti mayi amaloledwa kukonda ntchito imene ikudyetsa ana ake. Mphatso imene Mulungu anaika mwa iye asanakwatiwe siifa tsiku limene wabereka.

Tibwere ku mbali imene kapepala kaja kanaipatsa mawu atatu. Mu 1878 Clara anavomera kukhala mphunzitsi wamkulu wa piyano pa sukulu yatsopano ya zoimbaimba ya Hoch ku Frankfurt, imene inkatsogoleredwa ndi Joachim Raff. Anali mkazi yekhayo pakati pa aphunzitsi oyamba. Anaika mfundo zake asanasaine: aziphunzitsira kunyumba kwake, osapitirira ola limodzi ndi theka patsiku, azikhala ndi miyezi inayi yopuma, ndiponso aziloledwa kuchoka kukaimba kwina. Ana ake awiri, Marie ndi Eugenie, anakhala omuthandiza, akumakonzekeretsa ophunzira asanafike pamaso pa mayi awo. Taonani mmene zinthu zitatu, uphunzitsi, umayi ndi maulendo, zinakumanirana m'chipinda chimodzi: mphunzitsi ali pa piyano, ana ake ali pambali pake monga anzake a pantchito, ndipo ophunzira achokera ku England, Scotland ndi America, maiko amene anamva dzina lake chifukwa cha maulendo aja. Anaphunzitsa pamenepo mpaka 1892. M'zaka zomwezo ankasonkhanitsa ndi kukonza nyimbo zonse za mwamuna wake kuti zisindikizidwe bwino ndi kampani ya Breitkopf & Härtel.

Clara sanajambulidwepo akuimba. Palibe mbale, palibe tepi, palibe chilichonse chimene tingatchere khutu n'kumva zala zake. Konsati yake yomaliza inali ku Frankfurt mu March 1891, ndipo phokoso la usiku umenewo linathera m'makoma a holoyo. Kaimbidwe kake kanatsala m'manja mwa anthu amene anawaphunzitsa. Fanny Davies wa ku Britain anajambulitsa nyimbo za Robert Schumann cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Adelina de Lara anajambulitsa zake ali gogo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndipo akatswiri amamvetsera zimenezo pofuna kudziwa mmene mphunzitsi wawo ankafunira kuti nyimbo iziyenda. Mathilde Verne anakatsegula sukulu yake ya piyano ku London.

Wina mwa ophunzirawo, Carl Friedberg, anakaphunzitsa ku New York, pa sukulu imene lero imadziwika kuti Juilliard. Mu 1950 kunabwera kwa iye mtsikana wakuda wochokera ku tauni yaing'ono ya Tryon ku North Carolina, dzina lake Eunice Waymon, amene ankafuna kukhala katswiri wa piyano. Dziko linadzamudziwa ndi dzina lakuti Nina Simone, mnzake wa Miriam Makeba, ndipo Simone pambuyo pake anakakhalako ku Liberia. Sindikunena kuti luso la Nina Simone linachokera ku Frankfurt. Linachokera kutchalitchi kwa mayi ake, kwa mphunzitsi wake woyamba wa ku Tryon, ndi ku zowawa za anthu akuda a ku America. Koma mzerewo ulipo ndipo ndi woona: dzanja limene linawongola zala za Friedberg linali la Clara, ndipo dzanja la Friedberg linawongolako zala za Nina Simone. Mwa njira imeneyi mphunzitsi amakhala ndi zidzukulu zimene sanazionepo, za mtundu wina, za chilankhulo china.

Ife timawerenga ana ndi zidzukulu pamaliro chifukwa timakhulupirira kuti munthu amapitirira mwa amene wawasiya. Chikhulupiriro chimenecho n'chabwino, ndipo n'chifukwa chake ndikuti tichitsate mpaka kumapeto. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero. Nanga mwana wa mnzako amene unakhala naye Lachitatu ndi Loweruka lililonse kwa zaka zisanu, kumuphunzitsa kupuma ndi mimba, kutsegula pakamwa, kumvera mnzake wa pambali asanakweze mawu ake, ameneyo si wako? Aphunzitsi a nyimbo kwathu kuno ambiri alibe piyano. Ali ndi choko, bolodi, do re mi wolembedwa m'mizere, kamtengo kogogodera pa desiki ndi khutu lakuthwa. Ambiri salipidwa kanthu pa ntchito ya kwaya. Nyimbo za pamaliro athu, paukwati pathu, pa Khirisimasi ndi pa Pasaka zimatuluka m'manja mwawo, koma tsiku lawo likafika timawapatsa mzere umodzi.

Chimene ndikupempha si chovuta, ndipo sichifuna ndalama. Wolemba mbiri ya malemu asathamangire kwa atsibweni okha. Apite kwa mmodzi wa ophunzira akale amufunse kuti, amayiwa anakuphunzitsani chiyani, ankati chiyani mukaphonya, ndi nyimbo iti imene ankaikonda? Atchule sukulu zimene anaphunzitsako ndi makwaya amene anayambitsa. Atchule kumene anafika, mizinda ndi maiko, mokweza, monga timatchulira maulendo a abusa ndi a mafumu. Ngati ana anavutikapo chifukwa cha kusowa kwa mayi awo, banja likudziwa, ndipo lingathe kulira zimenezo popanda kufafaniza zinazo. Ndipo ophunzira amene abwera apatsidwe mphindi yoti aimirire, anthu awaone ndi maso. Pamaliro aja, akanaimirira, theka la khamulo likanakhala chilili.

Dziko la Germany linadzakonza mbali ina ya mbiri ya Clara patapita zaka pafupifupi 100. Kuyambira mu 1990 mpaka ndalama ya euro italowa mu 2002, nkhope yake inali pa ndalama ya pepala ya 100 Deutsche Mark, ndipo kuseri kwake kunali piyano ndi nyumba ya sukulu ya Hoch kumene ankaphunzitsa. Ndimakumbukira zimenezi ndikagwira K200 yathu, pamene pali Rose Chibambo, mayi amene mu 1959 analowa m'ndende ndi khanda lake la masiku ochepa chifukwa cha ntchito imene inkamuchotsa pakhomo kawirikawiri.

Clara anadwala sitiroko mu March 1896 ndipo anamwalira ku Frankfurt pa 20 May, ali ndi zaka 76. Marie, mwana uja anamusiya ali wakhanda popita ku Copenhagen, ndi amene anakhala naye moyo wake wonse, kuyenda naye m'maulendo, kumusungira makalata, kuphunzitsa naye, mpaka kumudwazika. Anamuika ku Bonn, m'manda akale a mumzindawo, pambali pa mwamuna wake amene anatsogola zaka 40 m'mbuyomo. Pamandapo pali chipilala choyera chimene chinaimikidwa mu 1880, Clara adakali moyo. Pamwamba pake pali nkhope ya Robert. M'munsi mwake mwakhala chifaniziro cha mkazi wosemedwa ndi nkhope ya Clara, atanyamula nkhata ndi pepala la nyimbo, maso ake ali m'mwamba kuyang'ana mwamunayo. Amene amafika pamenepo osadziwa mbiri yake amaona mkazi wokhala pansi, pamene mwini wakeyo anatha zaka zoposa 60 ali pamsewu ndi pa piyano.

Titachoka kumanda tsiku lija, ndinaona bambo uja anapereka kiyi ataima payekha pafupi ndi galimoto, akupukuta magalasi ndi kansalu. Ndinamufunsa ngati anali wachibale. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ayi, ine ndi mwana wawo wa ku kwaya. Anandipeza ndili Sitandade 4, ndikuimba ngati ndikukuwa mbuzi. Anandiimika pambali pawo chaka chathunthu." Kenako anavala magalasi aja n'kupita kukasamba m'manja pamodzi ndi anzake.